Phazi la Telala

Naima ankatsika minibasi pa Katete, mtolo wa nsalu uli pamutu, pamene anamva kuti phaa! kumbuyo kwa mwendo, ngati wina wamugenda ndi mwala. Anatembenuka mawu akalipa ali kale pakamwa, koma kumbuyoko kunalibe munthu. Poti aponde, phazi lamanja linangoti lende.

Phazi limeneli ndilo linkadyetsa banja. Naima anali telala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo makina ake anali opalasa ndi phazi. Mwamuna wake Selemani ankagulitsa anyezi, koma tinene zoona, anyeziwo sakanaphunzitsa mwana.

Kuchipatala adokotala, mayi Flora, anamugoneka chafufumimba nafinya katumba. Phazi silinagwedezeke n'komwe.

"Mtsempha waukulu wa kuchidendene waduka," anatero. "Njira zilipo ziwiri. Tikhoza kung'amba n'kuusoka. Apo ayi tikuikani chikhakha, phazi litaloza pansi, nsonga ziwirizo zikumane n'kulumikizana zokha."

"Zokha?" Naima anaseka ngakhale mwendo unkawawa. "Adokotala, ine ndakalambira pa makina. Chong'ambika sindinachionepo chikudzisoka. Sokani basi."

"Amake Raihana, mpeni ayi," Selemani analowerera, thukuta lili kamukamu. Bambo ameneyu ngakhale nkhuku ankapempha anzake kuti amuzingire.

Adokotala sanakangane ndi Naima. Anafotokoza kuti mtsempha wosokedwa suduka kawirikawiri kachiwiri, ndipo wa chikhakha nthawi zina umapola utatalikirapo, phazi n'kuchepa mphamvu. Kenako analoza kabala kakang'ono pamsongolo pa Naima.

"Aka kanayamba liti?"

"Aa, ndi kalekale. Ndinadzikanda ndi waya."

"Ndi shuga wanuyo. Ngati aka kakukana kupola, nanga bala la opaleshoni pachidendene, pomwe khungu ndi lopyapyala? Likavunda, nkhani sikhalanso ya mtsempha, ikhala ya mwendo. Koma mwendo ndi wanu, mayi, sankhani."

Naima anayang'ana kabalako. Anali wamakani, inde, koma nsalu yofwifwa ankaidziwa, kuti ukaisoka imang'ambikira pamsoko pomwepo. Misozi inalengeza. Anasankha chikhakha, mtima ukukana.

Miyezi imeneyo inali yowawa, abale. Nyengo ya mayunifomu inadutsa iye ali pampando, mwendo uli pa ndowa, akuona makasitomala ake akupita kwa telala wa kuseri. Selemani anaphunzira kuchapa ndi kutunga madzi, azimayi a pamjigo akumuseka. Iye ankangoti, "Sekani, mkazi wanga ali ndi miyendo iwiri."

Chikhakha chitachoka, mwendo unatuluka wowonda ngati wa mwana. Adokotala anati mtsempha wagwira, koma mphamvu ibwera pang'onopang'ono, mwina yonse, mwina ayi. Anamupatsa masewera olimbitsa phazi, namuletsa makina kufikira atayamba kuyenda bwino. Naima anamvera, chinthu chimene Selemani sanachionepo chikwatirane.

Tsiku lololedwa litafika, anabweretsa makina kunyumba, kuopa maso a pamsika. Anaika kansalu, napukusa gudumu ndi dzanja, naponda. Chidendene chinatsika bwinobwino. Koma poti akankhe ndi zala, phazi linanjenjemera, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Analowetsanso ulusi. Unadukanso.

"Mukanandisiya andisoke!" anakalipa. "Taonani tsopano, phazi la chiyani ili?"

Selemani anayandikira. Anagwada pansi pa makina, bambo wamkulu ndi imvi zake, naika dzanja pa chopondera pambali pa phazi la mkazi wake.

"Pondani. Ine ndingoyambitsa."

Makina analira. Singano inathamanga, msoko ukutuluka wowongoka, ndipo Naima anamva kamphepo ka gudumu pamwendo, kamene anakasowa miyezi yonseyi.

"Chotsani dzanja, bambo a Raihana."

"Ndachotsa kale! Mukupalasa nokha!"

Bodza. Naima ankawadziwa makina ake, ndipo ankamva bwinobwino kuti pokwera chopondera chikukankhidwa ndi wina. Anasuzumira pansi naona mutu wa mwamuna wake utawerama, phewa likukwera ndi kutsika. Chifundo chinamugwira. Anasoka mpaka kumapeto kwa nsalu nadula ulusi.

"Mwaona?" anatero Selemani akudzuka, akubisa dzanja kumbuyo.

"Ndaona," anayankha Naima akupukuta m'maso. "Mawa anyezi mupite nawo mochedwa. Tili ndi madiresi awiri oti tisoke."