Pasipoti ya Mwandida

1.
Pasipoti ili pansi pa nkhuku yofungatira. Anambewe anaiika okha, m'kapulasitiki, podziwa kuti nkhuku ikakhala pa mazira palibe amaigwira. Basi ya ku Joni ndi ya Lachinayi, ikapita malo a sukulu kumeneko apita nayo. Mdzukulu wawo Mwandida wafuna m'sutikesi, pansi pa mphasa, kudenga. Lero Lachiwiri.

2.
Agogo, simunaione?
Ndione chiyani ine wosaponda m'kalasi?

3.
Zosachita: kuyenda m'mbali mwa njanji, kulandira chakudya m'basi, kuuza mlendo dzina la kwanu, kuseka ndi kondakitala, kupita kumene agogo ako sangafike wapansi.

4.
Mwanayu ali ndi mapazi a Elube. Anambewe akhala akunena zimenezi kuchigayo, kumaliro, kwa aliyense, kuti Elube mng'ono wawo anapita ndi sitima pa Nkaya ali ndi zaka khumi ndi zisanu osabweranso ndipo uyu naye anayamba kuthamanga asanakwawe, ukamubereka amapalapata, ukamutuma kumjigo umakamupeza kumsika akufunsa amalori kumene msewu umathera, mapazi a Elube, mapazi a Elube, mudzaona

5.
Atatopa kufuna, Mwandida akhala pakhonde ndi mapepala ake a kukoleji.
Bwerani ndikuyeseni, agogo. Amati munthu ali ndi miyeso isanu: kufuna zachilendo, kusamala zinthu, kukonda gulu, kumvana ndi anthu, kuda nkhawa.
Ngati fodya pa sikelo?
Ingoyankhani. Mumada nkhawa kawirikawiri?
Ine? Ayi. Chotsa mwendo pamenepo, pamabisala zinkhanira.
Mwandida aseka mpaka misozi.

6.
Nanga miyeso yakoyo munthu amaitenga kuti?
Ena amati m'magazi. Ena amati kaleredwe. Ena amati zimene zinakugwera. Koma inu, agogo, mantha munabadwa nawo, ngakhale mphunzitsi wathu angavomere. Ine ndinatengera agogo Elube, mumatero nokha. Ndiye ngati ndi chibadwa, mukundimangiranji?
Ndani wakumanga?
Mwandida sasekanso. Asonkhanitsa mapepala, alowa m'nyumba.

7.
Lachitatu. Anambewe asesa bwalo losesa kale. Akhala. Aimirira. Apita kukhola, abwerera panjira. Munabadwa nawo. Pepala la kukoleji, lolembedwa ndi anthu ophunzira, likuti munabadwa nawo. M'nyumba mdzukulu akutulutsa zovala m'sutikesi, chimodzichimodzi, mwakachetechete, monga ankapindira zovala Elube.
Kachetechete ameneyo ndiye sangamupirire.

8.
Nkhuku iwajompha kawiri padzanja. Alowa m'nyumba magazi akudontha, kapulasitiki katadetsedwa ndi zitosi.
Lemba papepala lakolo. Elube ankaopa ngakhale chule. Sankafika ndi pamsewu pomwe. Wokwera mitengo ndinali ine, wofunsa amalori ndinali ine. Ndine ndinamukoka dzanja, tiye ku Beira tikaone nyanja yamchere, iye akulira kuti amayi atimenya. Tinakwera. Sitima itaima pa Nkaya ndinaona nzimbe, ndinati khala pomwepo, usasunthe. Ndinatsika. Ndikutsutsana mtengo ndi wogulitsa, sitima inanyamuka. Elube sanasunthe. Ankamvera, mwana uja.
Mwandida ayang'ana pasipoti, ayang'ana dzanja.
Agogo.
Mapazi akowo ndi anga. Tenga. Koma nzimbe ugule pano lero, ndikusendera ndekha. Panjira usatsike.