Pomwe Panali Mapapaya

Ignatius Malambo analakwira a Likando Munalula Lachisanu lomaliza la Novembala, chaka cha 2022, pamaso pa makolo, aphunzitsi ndi ana a sukulu ya Mazuba, kuseri kwa msewu wa Nakatindi. Tsikulo sukulu inkakondwerera kuti yakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo komiti ya sukulu, imene Malambo anali wapampando wake, inalengeza kuti ipereka masatifiketi kwa amene anaiyambitsa.

Ndani sankadziwa amene anaiyambitsa? Mu 1997 ana ankaphunzira pansi pa mtengo, mphepo ikuwamwaza mchenga m'maso. A Likando, mmisiri womanga, ndiwo anaumba njerwa, kuziwotcha, ndi kumanga buloko yoyamba ya makalasi atatu. Ndiwonso anakumba zimbudzi zisanu ndi chimodzi pamzere, kutsogolo chakumsewu, chilichonse chakuya kuposa anthu awiri oberekana. Nthawi imeneyo Malambo ankagulitsa ziboliboli kwa azungu ku Mukuni. M'dera lino anafika mu 2011, sukulu ili kale ndi malata.

A Likando anavala jekete la pa ukwati wa mwana wawo Pumulo, nsapato atapolisha mpaka kuwala. Mu tenti anawauza kuti ndi mwa alendo, choncho anakhala padzuwa, thukuta likuyenderera mumsana. Mayina anayamba kuitanidwa. Loyamba linali la Malambo mwini wake. Lachiwiri la mkazi wake Harriet. Lachitatu la mzungu wa loji ina amene anaperekapo mipira iwiri ndi zitini za penti. Kenako ana anaimba, anthu n'kumwazikana.

"Ba cheya, dzina langa lagwera kuti?" anafunsa a Likando atamupeza wapampandoyo pafupi ndi galimoto lake.

"Aa, bamudala! Mu mafayelo mulibe dzina lanu. Ise titsatira mapepala." Malambo anawagwira paphewa ngati mnzake. "Koma popeza muli pano, tithandizeniko kubweza mipando ku tchalitchi."

Mipando sananyamule. Ananyamula chinthu china cholemera kuposa mipando, n'kupita nacho kunyumba, ndipo anagona nacho ndi kudzuka nacho chaka chathunthu ndi miyezi. Analemba makalata awiri kwa ahedi, m'zilembo zawo za Giredi 5, kupempha chinthu chimodzi chokha: dzina lawo liwerengedwe pagulu ndipo lilembedwe m'buku la sukulu. Yankho silinabwere. Anthu a mapepala amadziwana okhaokha.

Kenako kunamveka kuti ofesi ya maphunziro ya boma yasankha Mazuba kuti imangidwire buloko yatsopano, ya makalasi anayi ndi chipinda cha makompyuta. Komiti inapatsidwa ntchito yoloza malo. Malambo analoza kutsogolo chakumsewu, kuti alendo opita kumaloji aziona nyumbayo ndi chikwangwani chake. Ananenanso kuti pamenepo nthaka ndi yabwino, chifukwa udzu wake umabiriwira kuposa kwina konse.

A Likando atamva anaseka mpaka kutsamwa. Munthu aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti chimbudzi chikadzaza umachikwirira n'kubzalapo papaya, kuti wobwera m'mbuyo asamangepo. Iwo anachita zimenezo mu 2008: anakwirira maenje onse asanu ndi limodzi ndi mchenga, n'kubzala mapapaya asanu ndi limodzi pamzere. Mapapayawo Malambo anawadula atangokhala wapampando, akuti apeze poimika magalimoto. Sanafunse munthu kuti mitengo yoima ngati asilikali ikutanthauzanji. Aphunzitsi akale anasamutsidwa, makolo akale ena anamwalira, ena anapita ku Kazungula. Wotsala wodziwa mzere weniweni anali mmodzi.

"Mwaseka chani, Bo Likando?" anafunsa akazi awo, a Inutu, akusankha kapenta pa lichero.

"Ba cheya amanga nyumba pa matuvi. Mvula ziwiri chabe, khoma lizang'ambika kuchoka pamwamba kufika pansi, dzina lake lili pomwepo. Ine nizagula kokakola, nizakhala pamsewu kupenyerera."

"Nanga muzukulu wanu, mwana wa Pumulo, azaphunzira kuti? Pansi pa khoma yamene ija?"

"Iwe amake Pumulo, osanisokoneza."

"Ine nakusokonezani? Mwakalamba na nkhanza monga njovu yamene inalasiwa. Mufuna kugwetsa Malambo, gwetsani Malambo. Ana a anthu alibe mulandu."

Patapita masiku atatu a Likando anatulutsa chitsulo chawo chakale choyesera nthaka, chachitali kuposa munthu, n'kukhala pakhonde kuchinola kunsonga. Anaona kuti akazi awo ananena zoona, koma anaonanso kuti kudikira mvula ziwiri n'kutaya nthawi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sapangana ndi mvula. Manyazi abwino ndi a tsiku limodzi, masana, akuluakulu a boma ali pomwepo, ndipo iwo okha ndi amene adzafunse kuti bambo uyu ndani.

Tsiku loyamba kukumba maziko linafika mu Meyi 2024. Zingwe zinali zitamangidwa kale pa zikhomo. Kunabwera akuluakulu a ofesi ya maphunziro ndi injiniya wa boma, mayi wachitsikana dzina lake Chitalu, atavala chipewa cholimba. Malambo anavala suti yoyera, m'manja atagwira fosholo yatsopano yomangidwa riboni. Analankhula nthawi yaitali za masomphenya ake. Atangokweza fosholo kuti amujambule, a Likando anadumpha chingwe, chitsulo chili paphewa.

"Bamudala, uko ni kwa alendo," anatero Malambo, akumwetulira wojambula.

"Nabwera kukuthandizani, ba cheya. Mipando ninakana, koma lero nizagwira nchito."

Anawerenga mapazi kuchokera pa chitsa cha mtengo wakale uja ana ankaphunzira pansi pake, n'kuima. Anaimika chitsulo pansi, pafupi ndi nsapato ya Malambo, n'kuchitsamira ndi dzanja limodzi. Chinalowa ngati mpeni m'dzungu lowola, mpaka nkhonya yawo inagunda udzu. Atachizula, chinatuluka chakuda bii, ndipo mphepo ya kuchokera ku Zambezi inagawira aliyense gawo lake la fungo. Amayi anadziphimba mphuno ndi zitenje. Wina kumbuyo anakuwa, "Ba cheya, iyo ndiye kompyuta?" Chiseko chinabuka, ngakhale ana a kwaya analephera kudzigwira.

A Likando sanaseke. Anayenda mapazi anayi, n'kubaya. Chinalowa. Mapazi ena anayi, chinalowanso. Kasanu ndi kamodzi. Pomaliza anagoneka chitsulocho pa tebulo la alendo, pambali pa mabotolo a madzi.

"Mwadziwa bwanji, atate?" anafunsa mayi Chitalu, atatulutsa kabuku.

"Ninakumba ndine. Na buloko ija mukuona ninamanga ndine, njerwa iliyonse inapita mu manja aya. Lembani: Likando Munalula. Lembani bwino, chifukwa mu mafayelo ya ba cheya mulibe."

Mayiyo analemba. A Likando anaona ndi maso awo cholembera chikuyenda. Malambo anali ataima ndi fosholo yake, riboni ikugwedezeka, dontho lakuda lili pa mwendo wa thalauza loyera. Akuluakulu anakwera galimoto osadya n'komwe. Madzulo amenewo a Likando anagula nkhuku, n'kuuza akazi awo kuti galu wamkota sakandira pachabe.

"Tizaona," anatero a Inutu.

Milungu itatu a Likando anayenda mumsewu wa Mosi-oa-Tunya ngati mwini tauni. Oyendetsa matakisi ankawaimitsa kuti afotokozenso nkhaniyo, ndipo ankaifotokoza osatopa. Malambo sankaonekanso ku tchalitchi. Kenako kunabwera kalata yoitana makolo onse ku msonkhano, akuti pali zochokera ku boma. A Likando anakhala pa benchi yoyamba, m'kalasi yomwe anamanga okha.

Mlembi wa komiti, mphunzitsi wina dzina lake Nawa, anaimirira ndi mapepala awiri. Loyamba linali lipoti limene komiti inatumiza ku boma. Linkati komiti, motsogozedwa ndi wapampando, inakonza zoti nthaka iyesedwe pamaso pa akuluakulu, pogwiritsa ntchito mmodzi wa anthu a m'deralo, ndipo mwa njira imeneyi ngozi yaikulu inapewedwa. Lachiwiri linali yankho la boma, lothokoza wapampando chifukwa cha tcheru lake.

"Mmodzi wa anthu?" A Likando anaimirira. "Mayi uja analemba dzina langa! Ninaona!"

"Ba Chitalu anapita ku Choma pa transifa," anatero Nawa, maso ali papepala. "Lipoti imalembewa na komiti, bamudala."

"Na cheya," wina anawonjezera kumbuyo, koma motsitsa mawu.

Malambo anaimirira, atavala suti yakuda tsopano. "Tiyeni tiwaombere m'manja bamudala, anatigwirira nchito bwino." Anthu anaomba, ena chifukwa cha chisoni, ena chifukwa ana awo amafuna malo a Giredi 8. "Manje nkhani yachiwiri. Popeza kutsogolo sikungamangiwe, ndipo kumbuyo kuli bwalo la mpira na mijigo, boma yaona kuti malo yasala ni yamene tikhalapo ino. Buloko ino ni yakale, inamangiwa kopanda pulani, na anthu osaphunzira za nchito. Izagwetsewa."

"Ilibe mng'alu ngakhale umodzi!" anakuwa a Likando, akumenya khoma ndi chikhatho. "Bwera uone, iwe Ignatius! Zaka twente-seveni! Onetsa mng'alu!"

"Osanitchula dzina monga mwana wanu. Amene avomera akweze manja."

Manja anakwera, limodzilimodzi poyamba, kenako onse. Nawa anawerenga, n'kulemba. A Likando anayang'ana nkhope ndi nkhope. Ena mwa okweza manjawo anaphunzira kulemba mayina awo m'kalasi momwemo.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya maphunziro m'tauni. Anakhala pa benchi kuyambira 8 koloko. Mlembi anawauza kuti abwana ali mu msonkhano, kenako kuti apita ku nkhomaliro, kenako kuti madandaulo a makolo amadzera ku komiti ya sukulu, ndipo kalata yake isayinidwe ndi wapampando. Anabwerera wapansi, ulendo wonse wa ku Nakatindi.

Buloko inagwetsedwa pa tchuthi cha Ogasiti. Amuna asanu ndi atatu a nyundo zazikulu anaimenya masiku asanu, akutukwana amene anasakaniza matope olimba chotero. A Likando anaima kunja kwa mpanda masiku onse asanu. Njerwa zambiri zinatuluka zathunthu, zofiira ngati zawotchedwa dzulo. Komiti inagwirizana kuti zinyalala zichotsedwe msanga ana asanatsegule, ndipo wapampando anadzipereka kuchita zimenezo ndi lole yake. Lole inayenda maulendo asanu ndi anayi. Pofika Okutobala, kuseri kwa nyumba ya Malambo kunali kutaima khola la njerwa zofiira, la nkhuku zikwi ziwiri.