Wailesi ya M'galimoto ya Lillian

"Iwe Josphat, tuluka m'shedimo! Chiwailesi chako chija chafa!"

Josphat Ngosa anaika pansi waya amene ankasenda n'kutuluka. Anali atakonza zamagetsi a galimoto m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba kwa zaka khumi ndi ziwili, ndipo palibe amene ankamuitana choncho pagulu.

Wokuwayo anali Aaron Mweemba, woyendetsa takisi pakati pa Nyimba ndi Petauke. Galimotoyo inali ya mkazi wake Lillian, mphunzitsi wa kupulaimale, amene tsopano ankatsika mbali inayo nkhope ili gwaa. Lillian ndiye anagula wailesiyo ku Lusaka, ya galasi lalikulu lodina ndi chala ngati foni, ndipo Josphat anaiika m'galimotomo sabata yapitayo.

"Yatani, a Mweemba?"

"Ukundifunsa ine? Siikuyaka! Mailo, dzulo lomweli, inangoti zii. Tikukudziwani inu amakanika. Yabwino ija unasunga, ife n'kutiikila yotola kudzala."

Azimai ogulitsa nthochi anasiya kuitanila makasitomala. Madalaivala awili amene ankadikila kuti awaonele mabatile awo anayandikila. Josphat anamva kutentha m'makutu.

"Mukuti ndine wakuba?"

"Ndanena ndanena. Chotsa chinthuchi, ubwezelemo yakale ija, ife tizipita."

"Ayi," anatelo Lillian. "Yakale ija inali yongolila ngati chule. Iyi ndinagula ndekha, ndipo ndachoka kusukulu kuti ndione ndi maso anga. Bambo Ngosa, ngati mwaononga, mukonza pompano."

"Amai, ngati ndaononga ine, mundiuze pamaso pa anthu onsewa."

Anatenga kababu kake koyesela magetsi, kokhala ndi waya ndi msomali kunsonga. Anayamba ndi batile. Kababu kanayaka. Analowa m'galimoto, nasolola wailesi pamalo pake, naitembenuza. Fyuzi yakumbuyo kwake inali yamoyo. Waya wakuda wa efi, wobweza moto ku thupi la galimoto, unali womangika bwino pachitsulo, anaukoka koma sunasunthe. Anagunda waya wachikasu, kababu kanayaka.

"Ukungotaya nthawi," anatelo Aaron. "Anthu akundidikila pa siteji."

"Adikile," anayankha Lillian osamuyang'ana.

Josphat anapotoza kiyi n'kugunda waya wofiila. Kababu sikanayake. Anagundanso. Zii.

"Wailesi ilibe mlandu," anatelo. "Moto wochokela ku kiyi sukufika. Amai, pochajila foni paja pakugwila?"

"Kuyambila mailo sipakugwila."

"Basi, ndi fyuzi ya galimoto. Zili pa mzele umodzi."

Anagwada kuti atsegule kabokosi ka mafyuzi pansi pa chiwongolelo. Aaron anafika msanga, naima pakhomo motchinga, ngati akufuna kuona bwino. Anawelama, ndipo mawu ake anatsika kwambili.

"Mkulu wanga, ingonenani kuti yapsa mkati. Tikambilana tili awili."

Josphat anamuyang'ana. Pamphumi pa Aaron panali thukuta, chonsecho kunja kunkaomba mphepo ya mu Juni. Sanadziwe chimene munthuyo ankabisa, koma anazindikila kuti chilipo. Akanatha kukasiya kabokosiko osatsegula. Anacheuka n'kuona madalaivala aja akunong'onezana, wina atanyamula kale batile yake kuti apite nayo kwina.

"Sunthani mwendo, a Mweemba. Mukunditchingila kuwala."

Anatsegula. Mafyuzi onse anali pamzele, ofiila ndi abuluu, kupatula malo amodzi amene anali pululu.

"Amai, bwelani muone. Inunso abale, bwelani." Analoza ndi msomali. "Fyuzi ikapsa imatsala pomwepo, yakuda mkati. Apa palibe chilichonse. Iyi yachita kuzulidwa ndi munthu."

"Inagwa pa mabampu a ku Minga," anatelo Aaron.

Dalaivala wina anaseka. "Fyuzi kugwa? Ine ndimachita kuikoka ndi pulayala!"

Josphat anatulutsa fyuzi ina m'thumba la ovolosi, naikankhila pamalopo. Anabwezela wailesi, napotoza kiyi. Galasi linawala. Linaonetsa dzina la kampani, kenaka chithunzi chinadzaza galasi lonse: mtsikana wa tsitsi lofiilila, milomo atasongola, zala ziwili m'mwamba.

Mai wina wa nthochi anasuzumila pazenela n'kugwila pakamwa.

"Bambo a Tamandani," anatelo Lillian kwa mwamuna wake pang'onopang'ono, "ameneyu ndani?"

"Zimabwela choncho kuchokela kufakitale," anatelo Aaron. "Eya. Amaikamo zithunzi za anthu. Si choncho, Josphat?"

Josphat anayamba kukulunga waya wa kababu kake.

"Kufakitale," anatelo Lillian. "Atakhala pa mpando wanga. Kumbuyo kwake kukuoneka nsalu imene ndinasoka ine. Ndipo jekete wavalayo ndi imene ndinakugulilani pa Khisimasi, imene munati munaiwala ku maliro a ku Luembe."

"Ndi pasinjala chabe. Anamva kuzizila. Ankaseweletsa wailesi ine ndikuthila mafuta, ndiye..."

"Ndiye munazula fyuzi, n'kundibweletsa kuno kudzatukwana munthu wosalakwa. Ine n'kusiya ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi opanda mphunzitsi."

"Lillian, tikakambe kunyumba. Anthu akuona."

"Pamene mumatchula mnzanu wakuba, anthu sankaona?"

Lillian anatembenukila kwa Josphat. "Bambo Ngosa, mundikhululukile. Nanenso ndinakukaikilani."

"Palibe kanthu, amai. Chithunzicho ndingachichotse manje manje."

"Musachikhudze. Chikhale pomwepo. Amalume ku Kaumbwe maso awo akadali bwino, ndipo ankhoswe nawonso akachione."

Lillian analowa kumpando wa dalaivala, naukokela kutsogolo. Aaron anathamangila chitseko cha mbali inayo, koma anapeza chokhomedwa. Anamenya galasi ndi chikhatho.

"Lillian! Amake Tamandani! Nanga ine ntchito?"

Galimoto inabwelela m'mbuyo, inazima kamodzi, inalilanso, kenaka inakwela tala n'kulunjika cha ku Petauke.

Aaron anatembenuka maso ali psuu. "Wandiphela banja, iwe! Galu! Sudzakhudzanso galimoto ya munthu wa pa siteji, ndikulumbila!"

"Ine mwandibweletsela wailesi yosayaka," anatelo Josphat. "Yayaka."

Anthu anayamba kubalalika, ena akuseka, ena akupukusa mitu. Dalaivala uja anabweza batile yake pansi. Josphat sanamve kukoma kulikonse. Ankamudziwa mwana wawo Tamandani, kamtsikana ka giledi fo kamene kankadutsa pashedipo tsiku lililonse n'kumupatsa moni.

Aaron sanachoke. Anaima padzuwa nthawi yaitali, akuimba foni imene sinkayankhidwa. Potsiliza anafika pakhomo pa shedi, ukali wonse utatha.

"Kodi chithunzi chija," anafunsa motsitsa, "chimachoka bwanji? Ndinayesa tsiku lonse."

"Mumadina pakona, n'kudinanso pamene palembedwa za chithunzi. Kawili basi."

"Kawili basi?"

"Kawili. Mukanabwela mailo nokha n'kundifunsa bwinobwino, bwenzi nditakuonetsani."

Aaron anakhala pa tayala lakale, nagwila mutu ndi manja onse awili.