Mpira wa Akatswiri Omwe Sanapambane

Otis Haygood ankameta anthu m'tauni ya Harlow, ku Ohio, koma omudziwa bwino ankati kumetako inali njira chabe yopezera anthu oti aziwauza za mipira yake. Pamwamba pa galasi la m'babashopu yake panali mashelefu odzaza mipira ya besibolo, uliwonse m'kabokosi kake koonekera. Sinali yoseweretsa ayi, koma ija amaidinda pokumbukira chinthu: kutsegulira bwalo, chaka chimene timu inatenga chikho, masewera omaliza a katswiri wina. Mipira yotere sichedwa kukhala ndi amapasa. Pakapita zaka wina amadindanso yofanana nayo, ndipo alipo akathyali amene amaiviika mu tiyi n'kuiumitsa mu uvuni kuti ioneke yokalamba. Chimene chinkam'komera Otis kwenikweni chinali kulekanitsa weniweni ndi wongotengera.

Panali mpira umodzi umene tauni yonse inkaudziwa. Unalembedwa kuti timu ya Harlow ndiyo akatswiri a 1958, chikhalirecho chaka chimenecho timuyo inagonja m'ndime yomaliza. Anthu ankati mwini timu anadinditsa mipirayo masewera asanachitike, ndipo atagonja anakaikhuthulira yonse mumtsinje chifukwa cha manyazi. Patapita zaka makumi atatu, anthu ena okonda nthabwala anadinditsa ina mongoyerekeza, ndipo banja lililonse linagula wake. Woyambawo panalibe anauonapo. Otis ankakayika ngati unaliko n'komwe.

Tsiku lina m'mawa, akumeta kasitomala wake wakale dzina lake Duane, munalowa mayi Lorraine Petrusko, amene ankaimba limba kutchalitchi. Anati akusesa nyumba ya malemu bambo awo, ndipo m'bokosi la misomali apezamo kampira kakuda bii. Ankafuna kudziwa ngati n'koyenera kusunga kapena angom'patsa galu. Anakasolola m'sokosi n'kukaika pa tebulo.

Otis anazimitsa makina ometera. Mpirawo unali wofiirira ngati fodya wouma, mbali imodzi yosupuka. Anaununkhiza kaye, sanamve tiyi koma dzimbiri ndi chinyezi. Anausisita ndi chala: chikopa chinali chosalala mwa mtundu wina, chonga cha hatchi chimene ankasokera mipira kale asanayambe cha ng'ombe. Anatsitsa wake wa nthabwala uja pashelefu n'kuiyandikanitsa pansi pa galasi lokuza zinthu. Pa wakewo inki inangokhala pamwamba, yakuda ndi yonyezimira. Pa wa mayiwo inali italowerera m'chikopa n'kuzilala. Mawu anali omwewo, akatswiri a 1958, koma dzina la tauni linali loperewera chilembo chomaliza. Panalembedwa kuti Harlo.

"Achimwene, mutu wangawu mwausiya theka ngati munda wa mlesi," anatero Duane ali pampando. "Wabodza umenewo. Munthu angalephere kulemba dzina la kwawo?"

Otis anayankha kuti n'zimene zikumuzunguza. Wopeka zabodza amakopera mosamala, chifukwa amaopa kugwidwa. Munthu amene amalakwitsa ndi amene akufulumira, wopanda choti aonerepo. Komabe anavomera kuti mbava zopusa nazonso zilipo. Anamaliza kumeta Duane maganizo ali kwina, mpaka mzere wa kukhosi unakhota.

Masiku otsatirawo anafunsa anzake osonkhanitsa mipira. Ena anati ndi ntchito ya akathyali, ena anati autumize ku kampani zoyesa zinthu zakale. Otis anaona kuti kampanizo zingangomuuza zaka za chikopa, osati nkhani yake. Mwa osewera a chaka chija anali atatsala mmodzi yekha, a Augie Stancil, amene ankakhala kunyumba yosamalira okalamba kutsidya kwa mlatho. Vuto linali lakuti iwowa ndi amene ankaponya mpira pa tsiku logonjalo, ndipo anthu ankati sakonda kukumbutsidwa. Mayi Petrusko anati palibe nkhalamba imene imathamangitsa munthu wonyamula payi wa maapozi, ndipo anaphika.

Anawapeza ali pakhonde, bulangete pamaondo. A Stancil anadya payi, nafunsa ngati Otis akadali kuwononga mitu ya anthu. Kenaka mayi aja anawaikira mpira m'dzanja. Mkuluyo sanauyang'ane. Zala zake ziwiri zinangopita zokha pamisoko, n'kukhazikika. Atautembenuza n'kuuyandikiza kumaso, anayamba kuseka, kuseka kwa pansipansi kogwedeza mapewa.

Anafotokoza kuti makatoni a mipirayo anafika m'mawa wa tsiku lomaliza lenilenilo. Mwini timu anawatsegulira m'chipinda chovalira kuti alimbitse anyamata mtima, koma osewera sanakondwe nazo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti kudzitcha katswiri usanasewere n'kudziitanira tsoka. Mmodzi anatola mpira, nauwerenga, n'kufunsa kuti tauni imeneyi ili kuti. Wodinda uja anali atadya chilembo chimodzi pothamangira nthawi.

Otis anafunsa kuti chinali chilembo chiti. A Stancil anaganiza, nati sangalumbire. Mwina chomaliza, mwina chapakati. Anati tsiku limenelo mutu wawo unali ndi zina.

Nanga za mumtsinje zija?

"Mtsinje uti, mwana wanga? Munthu uja anali woumira, ankatiwerengera ndi sopo yemwe. Mipira yabwinobwino angaitaye m'madzi? Anaibisa, chaka chotsatira n'kutipatsa kuti tiziphunzirira kumenya. Tsiku lililonse ndinkaponya mpira wondiuza kuti ndine katswiri. Tinaimenya mpaka kutha. Ina inkadumpha mpanda wakumanzere n'kukagwera m'mabwalo a anthu."

Mayi Petrusko anaika foloko pansi. Anati nyumba ya bambo awo ili kuseri kwa pamene panali mpanda umenewo, mumsewu wa Alder. Akukumbukira ali kamtsikana, akudya chakudya chamasana, windo la kukhitchini linaphulika, chinthu n'kugwera m'mbale ya supu. Munthu wa kutimu anabwera kudzapempha mpira, bambo awo anati abwere kaye ndi galasi latsopano. Galasilo silinabwere.

A Stancil anati ngati linali windo la kukhitchini, ndiye anamenya ndi mnzawo wina wamanzere, malemu tsopano, amene ankaswa mawindo ambiri kuposa kupambanitsa timu. Anaugwirabe mpirawo mpaka alendo atanyamuka, ndipo pobweza anachita ngati ayiwala kuti si wawo. Mayi aja anawauza kuti ayambe ausunga, adzautenga akadzabwerera mbale ya payi.

Pobwerera, Otis anayendetsa galimoto akusinkhasinkha. Nkhaniyo inali yokoma, koma iye ankadziwa kuti mpira umodzi ndi zimene nkhalamba ikukumbukira si umboni wokwanira. Ngati wodinda analakwitsadi, ndiye kuti katoni yonse inali yolakwika chimodzimodzi. Ndipo mumsewu wa Alder munali nyumba zambiri zakale.

Loweruka anatseka babashopu masana n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Ena ankamuyesa wolalikira, ena wotsatsa inshulansi. Ankafunsa chinthu chimodzi: ngati m'denga, m'galaja kapena pansi pa khonde anaonamo mpira wakale. Anam'tulutsira mipira ya tenisi, mpira wotafunidwa ndi galu, ndi ija ya nthabwala ya 1988 yambirimbiri.

Masamba atayamba kuyoyoka, bambo wina amene ankasintha matabwa a khonde lake cha kumapeto kwa msewuwo anam'imbira foni. Anati wapeza chinthu m'dothi, koma chaola, mwina n'chosathandiza. Otis anapita ndi kabulashi kofewa. Ulusi unali utaduka, chikopa chitasendeka ngati khungu la mbatata yowotcha. Anagwada pomwepo pa kapinga n'kupukuta pang'onopang'ono. Chaka sichinkaoneka, mawu oti akatswiri anali atatsala theka. Koma dzina la tauni linatuluka lonse, ndipo linathera pa o.

Mwini khondeyo anafunsa ngati chinthucho chili ndi phindu. Otis anati afunse bwino tsiku lina, n'kupempha tochi. Pansi pa khondepo panali mdima, ndipo dothi lambiri linali lisanatakasidwe.