Makina a Mpweya Ayesedwa mu Kwaya

Chiswe chitadya limba la m'tchalitchi chathu chaching'ono kumtunda kwa Malindi, ntchito yopereka liwu loyambira nyimbo inagwera a Stefano. Ankatsinzina, n'kung'ung'udza pang'ono, ndipo ife a kwaya tinkanyamukira pomwepo. Zinayenda choncho zaka zambiri, mpaka chifuwa chawo chinayamba kuwakana.

Dokotala wa kuboma anauza Lena, mwana wawo wamkazi, kuti mapapo a bambo ake atopa. Pankafunika makina a okosijeni apakhomo, otulutsa malita asanu pa mphindi. Akapanda kuwavala, anatero dokotalayo, mvula ikubwerayi sadzaiona.

Vuto linali lakuti makina oterewa amang'ung'udza usana ndi usiku. Makina a kuchipatala kumene anagonekedwa ankalira pakati pa mawu awiri, osakwera osatsika, ndipo a Stefano ankangovula paipi m'mphuno namwino akatembenuka.

"Kufa ndikudziwa kuti kulipo," anauza Lena. "Koma kugona ndi chinthu choimba molakwa, ayi mwanangu. Aliyense wofuna kuimba m'nyumba muno ayambe wayesedwa ndi kwaya."

Ndiye Loweruka m'mawa tinakhala pamabenchi pakhomo pa a Stefano, pansi pa mtengo wa mango, titavala mayunifolomu athu ofiirira. Kunabwera a Mustapha, amene amabwereketsa ndi kugulitsa zipangizo za odwala ku Mangochi boma, atanyamula makina atatu pagalimoto. Anakoka waya wamagetsi kuchokera pazenera, napereka moni m'Chiyao.

"Ali uli, Che Stefano? Malonda ndayenda nawo m'makomo ambiri, koma sanaimbitsidwepo."

"Lero aimba," anayankha a Stefano, akupuma pakati pa mawuwo.

Oyamba anali aang'ono, a batire, onyamula paphewa ngati chikwama. A Mustapha atawayatsa, tinatchera khutu. Zii. Ankangoti fuu mwa apo ndi apo.

"Chinthu chopuma koma chosatamanda Mlengi wake," anatero a Stefano. "Bwezerani m'galimoto."

Achiwiri anali akale, otuwa, obwereketsa okha. Anang'ung'udza pansi penipeni, ndipo tinayamba nyimbo yam'mawa kuchokera pa liwu lawolo. Inayenda ngati tsiku lililonse. A Stefano anamwetulira, chala chikumenya bondo.

"Awa ndi Mkhristu mnzathu. Atsale."

"Bambo, awa amatulutsa malita atatu okha," anatero Lena. "Adokotala anati asanu."

"Adokotala amaimba besi kapena tena?"

"Mwana akunena zoona, Che Stefano," anatero a Mustapha. "Awa ndingakusiyireni lero lomwe, koma Allah adzandifunsa. Okukwanirani ndi oyerawa. Mukhoza kubwereka pa mwezi, sefa ikada ndimadzasintha ndine, akafa ndimabweretsa ena. Mukagula ndi anu, matenda awo ndi anunso."

Anayatsa oyerawo. Liwu lawo linali pamwamba, lowala ngati lata latsopano. Tinayesa kuyambirapo. Masopulano anakwera mzere woyamba, wachiwiri anayamba kulira ngati ana a mbuzi, ndipo galu wa pakhomopo anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Tinalekera panjira.

"Mwamva nokha," anatero a Stefano. "Onyada. Akufuna kukafika kumwamba asanaitanidwe."

Lena anayang'ana milomo ya bambo ake, imene inali itayamba kutuwa, ndipo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Apa panaimirira a Dorika, oimba alito, amene analowa kwaya chaka chimodzi ndi a Stefano ndipo ndi okhawo amene amawayankha mmene afunira.

"Aphunzitsi, musaphwanye lamulo lanu lomwe. Watsopano sachotsedwa mphunzitsi asanaimbe naye nyimbo mpaka kumapeto. Ngakhale Tony uja woimba ngati injini ya boti munaima naye phewa ndi phewa."

"Ndiime bwanji ndi bokosi?"

"Paipi ija ndiye phewa lake. Valani."

A Stefano anavala, nkhope itakwinyika, kuti ationetse kulakwa kwa makinawo. A Mustapha anati makina amafuna kutentha kaye, ndipo anatsinzinira Lena diso. Kutenthako kunatenga nthawi yonse imene tinkamwa tiyi ndi chinangwa. Kachipangizo kamene anawapanitsa pachala kankaonetsa manambala akukwera, ndipo milomo ija inabwerera mtundu wake.

Tinayambanso pa liwu lapamwamba lija. Masopulano anafika pamene anagwera poyamba, n'kuyamba kuterereka. Pamenepo kumbuyo kwathu kunatuluka tena wina, woonda koma wolunjika, nawanyamula onse kuwaolotsa. Tinacheuka. Anali a Stefano, paipi ili m'mphuno, maso ali otsinzina. Nyimbo inafika kumapeto, ndipo ena mwa ife tinaiwala kutseka pakamwa.

"Ndi pamenepo," anatero a Dorika pang'onopang'ono. "Ndi pamene tinkayambira limba lisanadyedwe. Inu mwakhala mukutitsitsa chaka ndi chaka, mmene mpweya unkakucheperani. Posachedwapa timaimba ngati tili m'chitsime."

A Stefano anatsegula maso n'kuyang'ana a Dorika.

"Bwanji osandiuza?"

"Timati mukutizoloweza kumanda pang'onopang'ono."

A Stefano anaseka mpaka kutsokomola, koma paipi sanaivule. Anayang'ana bokosi loyeralo monga mmene munthu amayang'anira mlendo amene wam'dzudzula moona.

"Ndiye tibwereke kapena tigule, bambo?" anafunsa Lena.

"Watsopano sasokeredwa yunifolomu asanafike Pasaka. Abwerekedwe. Tione khalidwe lake. Akapirira Lenti yonse osasintha liwu, tidzagula." Kenaka anatembenukira kwa a Mustapha. "Makolo ake ndani? Wachokera kuti?"

"Anakhalako pang'ono kwa shehe wina ku Nkope, mpaka shehe uja anachira."

"Ndiye kudzuka m'mamawa akukudziwa. Nanga magetsi akathima?"

"Ndikusiyirani silinda ya okosijeni iyi. Koma ndinene chilungamo, iyi siimba."

"Tsiku limenelo tidzapemphera chamumtima."

Kuyambira pamenepo kwaya inkaphunzira pakhonde pa a Stefano, chifukwa waya sankafika kutchalitchi. Lamulungu m'mawa Lena ankamvetsera makinawo, n'kuyenda msewu wonse akung'ung'udza kuti liwu lisatayike, osayankha moni wa munthu aliyense mpaka atalipereka kwa ife pakhomo la tchalitchi. Anthu anazolowera kumupatukira.

Mvula inabwera, ndipo a Stefano anaiona ali pakhonde, akudandaula kuti ikugwa mosatsata kayimbidwe. Iye amene anauzira mpweya m'dothi sasowa njira. Ulendo uno anadzera pa waya wa pazenera ndi galimoto ya a Mustapha.

Loweruka Loyera, mawa lake Pasaka, a Mustapha anabwera kudzamaliza za malonda. Anapeza a Dorika atagwada, akuveka makinawo nsalu yofiirira yokhala ndi kolala yoyera.

"Kumbuyoko musatseke, mayi, amapumira kumeneko," anatero.

"Ndasiya kale bowo," anayankha a Dorika, singano ili pakamwa. "Woimba mmodzi wobanika anatikwana."