Msomali Wakana

"Msomali wakana."

"Yesaninso, bwana, chonde," anadandaula Fernando.

"Ndayesa kanayi," anatero a Maclean. "Wakana. Sipika iliyonse ili ndi maginito, ngakhale mwana wa sitandade 3 amadziwa. Msomali sukumata, ndiye ichi si sipika. Kaitano, mufunsenso."

Chikoti cha mvuu chinalira pamsana pa mdala Fernando. Jeremiya, wokonza mawailesi pamsika wa Nsanje, anachimva asanalowe pabwalo la ofesi ya chipani. Anali atathamanga ndi sikuludiraiva m'manja, pambuyo pa Priska, mkazi wa mdalayo, amene anakamukoka pabenchi yake.

Fernando anali atamangidwa pamtengo wa nimu, malaya atamatirira pamabala. Diso limodzi linali litatsekeka. Kaitano, mkulu wa anyamata a malaya ofiira, ankasintha dzanja likatopa. A Maclean, tcheyamani wa deralo, anakhala pamthunzi ndi msomali wawo wa mainchesi anayi.

Mlandu unali pakati pa bwalo: chilipenga chachitsulo chopindika ngati nkhono, kukamwa kwake koti mbuzi n'kugonamo, kumchira kuli chimutu chakuda cholemera. Anachipeza m'khumbi la Fernando chitakutidwa ndi mphasa. Munthu wothawa nkhondo ku Mozambiki, wobisa chinthu cha mawaya, mu 1987! A Tcheya anali atagamula kale kuti ndi wailesi yolankhulira ndi zigawenga, ndipo galimoto yopita naye kosabwerera inali italamulidwa.

"Nkhabe, bwana," anakana Fernando m'Chisena, magazi akutsika pachibwano. "N'cha kanema. Ndinkaonetsa kanema ku Mutarara zaka makumi awiri. Nyumba ya kanema itapsa ndinapulumutsa chokhachi. Ndinadutsa nacho m'madambo a Nyachikadza pabwato."

"Anzako amathawa ndi mapoto, iwe ndi chitsulo?" Kaitano anamuponda m'nthiti, anyamata n'kuseka.

Jeremiya anagwada pachimutu chija. Anachipukuta ndi malovu, kachitsulo ka dzina kanaoneka: zilembo za ku Amereka, chaka cha 1938. Anawerenga polowera mawaya. Pa sipika wamba pamakhala pawiri. Apa panali panayi. Chinthu chotere anangochiona m'buku la maphunziro a pakalata, ndipo sankayembekeza kudzachigwira ndi manja ake.

"A Tcheya, mukunena zoona, maginito mulibe."

"Wamva, mayi? Katswiri wako yemwe."

"Koma amabwera. Sipika zakalekale sizinkakhala ndi maginito ogoneramo. Muli waya wokulungidwa, mukampatsa magetsi ndiye amadzuka. Ndibwerekeni batire ya galimoto."

"Ukanama ukwera naye limodzi," anatero a Maclean.

Anabweretsa batire. Zala za Jeremiya zinkaterera ndi thukuta pomanga mawaya awiri. Kenako anapempha msomali, nauyandikiza. Unachoka m'dzanja lake wokha. Kha!

Chikoti chinaima m'mwamba.

Mawaya awiri otsalawo anawalumikiza ku kawailesi ka a Tcheya eni ake, kamene kanali pa siteshoni ya boma. Nyimbo ya amayi otamanda chipani inaphulika pabwalopo. Akhwangwala anathawa mumtengo, Kaitano anagwetsa chikoti n'kutseka makutu, ndipo amayi ogulitsa nsomba kumsika anayamba kuwomba m'manja poganiza kuti kwabwera alendo akuluakulu. Fernando anadzutsa mutu. Ndi mano ofiirawo, anamwetulira.

"Sichinafe," anatero.

A Maclean anakanda chibwano. "Ndiye ndi chimkuzamawu basi. Chakale, chadzimbiri. Kaitano, mmasule atenge chinyalala chakechi."

Kaitano anayamba kulimbana ndi mfundo. Priska anagwada pansi, akuthokoza m'Chisena kuti takhuta, takhuta. Zikanathera pomwepo. Koma mawu oti chinyalala anamulasa Jeremiya ngati atukwanidwa mayi ake.

"Chinyalala, a Tcheya? Onani, kachitsulo ka dzina ndi kakekake, palibe anachitsegulapo, mawu osasasa ngakhale pang'ono. Izi zinatsala zowerengeka padziko lonse. Azungu amazisaka, amachita kutumiza anthu. Mutachifikitsa ku Joni, mubwerako ndi lole yatsopano, mwinanso ziwiri."

Anamva yekha kuti bwalo lazizira, ngakhale dzuwa linali paliwombo.

"Lole," anatero a Maclean pang'onopang'ono. "Kaitano, taima kaye."

Anadzuka pampando, nazungulira chilipengacho kawiri, akuchisisita ngati ng'ombe ya pamsika. Katundu wa munthu wosalakwa amabwerera kwa mwini wake. Katundu wa chigawenga amatsala ku ofesi. Jeremiya anaiona samuyo ikuyenda pankhope pawo, ndipo anadziwa yankho iwo asanafikepo.

A Maclean anawerama, nazula waya ku batire. Nyimbo inaduka. Msomali unagwa m'fumbi.

Anautola, naugunditsa pachimutu chija anthu onse akuona. Unagwanso.

"Mwaona nonse? Msomali wakana."

"Koma a Tcheya, mwachotsa..."

Kaitano anam'menya ndi chigongono pakamwa. Jeremiya anagwera pabatire, dzino lili palilime. Atadzutsa mutu, anyamata anali atamuzinga Fernando, tsopano ndi ndodo, ndipo sankamufunsanso kanthu. Galimoto itafika anamuponya kumbuyo ngati thumba la thonje, mwendo umodzi ukulendewera. Chilipenga anachinyamula anthu anayi, mosamala, a Tcheya akuwakalipira kuti asachigunditse pachitseko.

Pabwalo panatsala chingwe, ntchentche ndi msomali. Priska sanalire. Anayenda mpaka pamene Jeremiya anakhala akulavula magazi, naima pamutu pake.

"A Jeremiya, mtengo wake anakufunsani ndani?"