Diresi Long'ambika M'khwapa

Anzake ogulitsa zovala pa intaneti ankamutchula kuti Mayi Umboni, chifukwa sankatumiza katundu asanamujambule. Ankayala diresi pabedi, kulijambula kutsogolo, kumbuyo, zipi, mabatani, kenako n'kujambulanso phukusi atalimata. Khalidweli analiyamba atapusitsidwa kangapo ndi anthu amene amavala chovala kuphwando, kukacha n'kumati chinafika chowonongeka, abwezeredwe ndalama zawo.

Choncho mayi wina atalemba kuti diresi lobiriwira limene anagula lang'ambika m'khwapa atangolivala, Mayi Umboni sanataye nthawi. Anamutumizira zithunzi zonse, n'kumuuza kuti diresi linachoka lili bwinobwino, ngati wanenepa adziimbe yekha mlandu. Atatero anaika dzina ndi nambala ya mayiyo pagulu la pafoni limene ogulitsa amachenjezeranapo za akuba. Anzake anamuyamikira. Ena anati nawonso dzinalo akulikayikira, ngakhale anali asanamugulitsepo kanthu.

Patapita masiku kunabwera mlamu wake, mchemwali wamng'ono wa mwamuna wake, amene ankavala madiresi kuti ajambulidwe zithunzi zotsatsira. Anavala lina la obiriwira omwewo. Atakweza mkono kuti akonze tsitsi, kunamveka kuti pwee.

"Alamu," anatero mtsikanayo mkono uli m'mwamba, "kathupi kangaka, musati nanenso ndanenepa."

Mayi Umboni sanaseke. Anatenga diresi lina n'kukoka pang'ono pamsoko, ulusi unaduka ngati wonyowa. Anatenga linanso, chimodzimodzi. Mulu wonse unali wosokedwa ndi ulusi wovunda, ndipo kuvunda kwa ulusi sikuoneka pachithunzi. Anakhala pansi pakati pa madiresiwo. Mpamba wake wonse unali mmenemo.

Mlamuyo anali ndi nzeru zake. Anati telala wapakona angadutsitsenso makina m'khwapa monsemo, malonda n'kupitirira. Za mayi uja angozisiya, chifukwa lamulo la pagulu amalidziwa: wonamizira wogula amachotsedwa, ndipo ukachotsedwa akuba enieni amakupeza uli wekha.

"Mawa aiwala, alamu. Anthu a pafoni amakwiya tsiku limodzi."

"Ife tiiwala. Dzina lija likhala pomwepo."

Mayi Umboni anatsegula mauthenga a mayi wogula uja, amene anasiya kuwawerenga tsiku lija. Munalibe zotukwana. Womaliza unali waufupi: ndalamazo khalani nazo, ingochotsani dzina langa, wogulitsa nsapato za ana wandikana.

Anauwerenga kawiri. Sikuti chisoni chinamugwira kwambiri, iye sanali wolira msanga. Chimene chinamuvuta n'chakuti akuba anayi kapena asanu anali atamuphunzitsa kuona wogula aliyense ngati wakuba, ndipo iye anakhoza phunzirolo mopitirira. Mayiyo analankhula zoona koyamba komwe, koma zoona zake zinafika ndi mawu omwewo amene abodza amalankhula.

"Nanga akakuchotsani?" anafunsa mlamuyo uku akuvula diresi mosamala, ngati kuti lingang'ambikenso mopweteka.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipatse chikwama chachikulu chija."

Analemba pagulu mizere iwiri yokha, yoti mayi uja sananame, vuto linali la katundu wake, aliyense afufute dzinalo. Foni inayamba kulira motsatizana. Anaitembenuza chafufumimba patebulo.

Madiresi obiriwira anawapinda limodzi ndi limodzi n'kuwapanikiza m'chikwama, oti akawatule pamaso pa yemwe anamuodetsa, akakoke yekha msoko anthu akuona. Pamwamba anaikapo diresi lofiira la nsalu yolimba, atalikoka kaye m'khwapa ndi manja awiri. Limenelo anati akalipereka yekha, pakhomo pa mayi amene anamunamizira uja, ndipo ngati akam'tsekere chitseko, akam'tsekere. Mlamuyo anakhalira chikwamacho kuti zipi itsekeke.